Sewero la mafumu a ku Korea landisowetsa tulo: zoti mfumu inamwetsa mkazi wake poizoni zinachitikadi?

Kadzidzi analemba:

Abale anga, ndabwera ndi mafunso, koma mundilole ndiyambe ndi kudandaula. Sabata yachitatu ino ndikugona 1 koloko usiku chifukwa cha sewero la ku Korea la nthawi ya mafumu. Mng'ono wanga ndiye anandiikira pa foni, amvekere, "Ingoonani gawo limodzi, achemwali." Gawo limodzi lija lero labala magawo 41. Maso akuchita kuwawa, chifukwa mawu olembedwa m'munsi aja amathamanga ngati akuthawa ngongole. Ukangophethira upeza nduna ina yamangidwa kale, iwe osadziwa kuti yalakwanji.

Dzina la seweroli sinditchula, ndingawonongere ena amene akadali koyambirira. Koma mfumu yake ndi Sukjong. Ili ndi mfumukazi yofatsa, Inhyeon, imene sinabereke. Ndiye pali mtsikana wogwira ntchito m'nyumba yachifumu, Jang, wokongola, koma maso ake okha amakuuza kuti uyu sagona tulo. Jang wabereka mwana wamwamuna. Basi mfumu yachotsa Inhyeon, yamutulutsa pachipata atavala zoyera, Jang n'kukhala pampando. Patapita zaka mfumu yomweyo yasintha mtima, yakatenganso Inhyeon, Jang yamutsitsa. Inhyeon wadwala, wamwalira. Usiku wathawu gawo 41 lathera pamene ayala mphasa pabwalo, aikapo katebulo, pamwamba pake mbale yoyera yodzaza mankhwala akuda bii. Jang waikankha ndi phazi, mbale phwaa! Nyimbo n'kuyamba. Ndinatsala pang'ono kuponya foni kukhoma.

Choyamba, zimenezi zinachitikadi kapena olemba sewero akungotiseweretsa? Chachiwiri ndicho chandivutitsa kwambiri. Kumbuyoku kunali nduna ina yokalamba, ya ndevu zoyera, imene inapatsidwanso mbale yotereyi. Gogo ameneyu asanamwe anakonza zovala zake, n'kutembenukira kumene kuli nyumba yachifumu, n'kugwada mpaka chipumi kugunda pansi, ngati walandira mphatso. Munthu akukupha, iwe n'kumuthokozanso? Ndinabwezera m'mbuyo kawiri kuti mwina ndaphonya mawu. Komanso, kodi mnyamata wovala zobiriwira amene amangokhala pakona n'kumalemba, ngakhale mfumu ikukalipa, ndi ndani? Pa gawo lina mfumu inamuyang'ana moopseza, iye osadzutsa n'komwe mutu.

Palinso mlandu wa m'nyumba mwanga. Bambo akunyumba poyamba ankandiseka, ati ndikutha batire kuonera anthu a zipewa zazitali akungogwadirana. Pofika gawo 12 anayamba kufunsa ali chogona kuti, "Wa ndevu uja amugwira?" Pano ndi iwo amene amakumbukira kuchaja foni. Tsopano akuti Jang alibe mlandu, woipa ndi mfumu. Ine ndikuti mkazi wolasa chithunzi cha mkazi mnzake ndi muvi pakati pa usiku, sing'anga ali pambali, ndi mfiti basi. Dzulo tagona chofulatirana chifukwa cha anthu amene anafa zaka 300 zapitazo. Tiweruzeni.

Mphunzitsi Wopuma anayankha:

Mayi, pepani ndi masowo. Anthu onse mwatchulawo analikodi, ndipo mafupa a nkhaniyo ndi oona. Nyama yake ndiye olemba amamata okha. Ku Korea nkhani imeneyi aipanga masewero kambirimbiri, choncho ndikuyankhani za m'mbiri, osati za sewero lanulo.

Ufumu wake unali wa Joseon, umene unayamba mu 1392, likulu lake pamene lero pali Seoul. Sukjong analowa ufumu mu 1674 ali ndi zaka 13 zokha, n'kulamulira mpaka 1720. Mkazi wake woyamba anamwalira ndi nthomba mu 1680, ndipo chaka chotsatira analowa Inhyeon, kamtsikana ka zaka 14, ka banja lalikulu la Min. Jang sanali wa banja la apamwamba. Achibale ake anali omasulira zinenero, anthu a ndalama ndithu chifukwa ankayenda ndi nthumwi zopita ku China n'kumachita malonda, koma m'maso mwa nduna anali anthu apakati, osayenera kuyandikira mpando. Amayi ake a mfumu sankamufuna ndipo anamuchotsa m'nyumba yachifumu. Anabwereramo iwo atamwalira. Mu 1688 anabereka mwana wamwamuna, woyamba wa mfumu imene inali itakhala zaka 14 pampando popanda wodzalowa m'malo.

Apa ndi pamene bambo akunyumba kwanu ali ndi mfundo. Sewero limationetsa akazi awiri akulimbirana mwamuna chifukwa ndi zimene zimatisowetsa tulo. Koma kumbuyo kwa mkazi aliyense kunali gulu la nduna. Inhyeon anali wa gulu la Seoin, kutanthauza akumadzulo. Jang ankadaliridwa ndi a Namin, akumwera. Gulu lopambana linkatenga maudindo onse, lolephera linkapita kuzilumba kapena kumanda. Sukjong anatembenuza boma lonse katatu. Mu 1680 anachotsa a Namin n'kuika a Seoin. Mu 1689 anachotsa a Seoin n'kubweza a Namin. Mu 1694 anawachotsanso a Namin, ndipo sanadzukenso ngati kale. Tsopano yalani zaka zimenezi pafupi ndi akazi aja. Inhyeon anachotsedwa mu 1689, anabwezedwa mu 1694. Jang anakwera mu 1689, anatsika mu 1694. Ankakwera ndi kutsika limodzi ndi magulu awo. Ndipo kutembenuza koyamba kuja kunachitika Inhyeon asanalowe n'komwe m'nyumbamo, kusonyeza kuti njirayi mfumu inali nayo kale m'thumba. Gulu likanenepa inkalidula n'kukweza linzake, onse n'kumakhala mwamantha, maso pa nkhope ya munthu mmodzi.

Sindikunena kuti chikondi panalibe. Mnyamata wa zaka za m'ma 20 akhoza kupenga naye mkazi, kaya ndi mfumu kaya ndi mlimi. Koma chikondi chimene chimatha chaka chomwecho chimene abale a mkaziyo asiya kukupindulitsa, ine ndimachiyang'ana kawiri.

Gogo wa ndevu uja ayenera kuti ndi Song Si-yeol, mkulu wa ophunzira a Seoin. Mfumu italengeza kuti khanda la Jang, la miyezi yochepa chabe, ndilo mwana wamkulu wa ufumu, iye analemba kalata yonena kuti mwafulumira. Anamuthamangitsira ku chilumba cha Jeju. Kenako, pomubweretsa ku likulu kuti akafunsidwe, anamumwetsa mankhwalawo panjira, pa Jeongeup, mu 1689, ali ndi zaka zoposa 80.

Nanga kugwada kuja? Mankhwala amenewo ankatchedwa sayak, ndipo tanthauzo lake si "mankhwala a imfa" monga ambiri amaganizira, koma "mankhwala opatsidwa ndi mfumu". Chiphunzitso cha Confucius, mphunzitsi wakale wa ku China, chimene ankatsatira chimati thupi lako, mpaka tsitsi ndi khungu, unalandira kwa makolo, usaliwononge. Olakwa ena ankadulidwa mutu, oukira ena kukhadzulidwa kumene. Kulandira mbale kunatanthauza kuti mfumu yakulola kufa thupi lili lathunthu, abale ako akakuike mwaulemu. N'chifukwa chake inkaperekedwa kwa a banja lachifumu ndi akuluakulu. Gogo uja sankathokoza kuti akufa, ankathokoza kafedwe kake. Ankadziwanso kuti ana ndi ophunzira ake atsala, ndipo mmene wafera zidzakumbukiridwa gulu lake likadzabwerera. Linabwereradi patatha zaka zisanu, ndipo ulemu wake unabwezeretsedwa.

Za mnyamata wolemba uja ndisiyira achinyamata, zala zatopa.

Mayi a Mapasa anayankha:

Achemwali a Kadzidzi, ine ndili mbali ya alamu anga, mundikhululukire. Ndinaonera limodzi la masewero a nkhani yomweyi chaka chatha. Jang ndinamuda mpaka ndinkamutukwana mokweza, ana n'kumandidabwa. Kenako ndinadzifunsa kuti ndikanakhala ine ndikanatani. Mwalowa m'nyumba imene simungangonyamula katundu n'kubwerera kwanu. Apongozi anakuchotsanimo kale kamodzi. Chokutetezani ndi mwana mmodzi yekha, ndi mtima wa mwamuna amene mwamuona ndi maso anu akutaya mkazi wake wa ukwati ngati chigamba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mungagone? Inhyeon amaoneka woyera mtima chifukwa anali ndi alongo ake ndi gulu lonse la nduna lomulankhulira. Ukakhala ndi okumenyera nkhondo, kufatsa sikuvuta.

Amene ndimamuopa ine ndi wachitatu uja, Choe, mkazi winanso wa mfumu, amene amamuonetsa akutunga madzi koyambirira. Simunamutchule n'komwe, ndipo umo ndi mmene amapambanira. Sakweza mawu, misozi imagwa pa nthawi yake yeniyeni, koma amene anakanong'oneza mfumu za kachisi wa matsenga m'nyumba ya Jang ndi iyeyo. Muziyang'ana manja ake akamathira tiyi, osati nkhope.

Ndipo tsitsi limene amasenza pamutu lija, khosi silithyoka?

Wokayika anayankha:

Akuluakulu, mnyamata wa zobiriwira ndiye chifukwa chimene ine ndimaonera masewero amenewa, ndiye ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Ameneyo ndi mlembi wa mbiri, ankawatcha sagwan. Zobiriwirazo zikusonyeza kuti udindo wake ndi wotsika. Apakati ankavala zabuluu, akuluakulu zofiira, ndiye mukasokonezeka kuti wamkulu ndani m'bwalo muja, ingowerengani mitundu. Alembi enieni a ntchitoyi analipo asanu ndi atatu, anyamata ophunzira kwambiri koma aang'ono pa udindo. Ankakhala pamisonkhano ya mfumu ndi nduna n'kumalemba zonenedwa, nthawi zina n'kuwonjezera maganizo awo pa khalidwe la munthu. Mwambo unali wakuti mfumu isawerenge zimene alemba. Zonse zinkasonkhanitsidwa mfumuyo itamwalira, n'kupanga buku la ulamuliro wake.

Nkhani imene ndimaikonda ndi ya mfumu Taejong. Mu 1404 inapita kokasaka, n'kugwa pahatchi. Podzuka inayang'ana uku ndi uku n'kuuza anthu ake kuti alembi asadziwe. Lero mukatsegula mabuku amenewo mupeza kuti mfumu inagwa pahatchi, komanso kuti inanena kuti alembi asadziwe. Munthu wamkulu anangowonjezera mzere pa manyazi ake.

Koma musaganize kuti inali ntchito yopanda ngozi. Mu 1498 mfumu Yeonsangun inaona zolemba za mlembi Kim Il-son, zimene zinali ndi mawu a mphunzitsi wake Kim Jong-jik omveka ngati akudzudzula agogo a bambo ake a mfumuyo pa mmene analandira mpando. Kim Il-son anaphedwa. Mphunzitsi wakeyo anali atamwalira kale, koma anamufukula n'kudula mutu mtembo. Ndiye mnyamata wanu amene sadzutsa mutu uja akudziwa bwino lomwe chimene chingamuchitikire.

Mabuku amenewa, Sillok, alipo mpaka lero. Akufotokoza za mafumu 25, zaka 472, kuyambira 1392 mpaka 1863, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa zolemba zofunika kusungidwa mu 1997. Anatsala pang'ono kutha. Ankasungidwa malo anayi, ndipo pa nkhondo imene Japan inalowa m'dzikomo mu 1592 malo atatu anapsa, kutsala a ku Jeonju okha.

Tsopano pa mlandu wa m'nyumba mwanu, achemwali. Funsani kuti buku la ulamuliro wa Sukjong analisonkhanitsa ndani. A Seoin anali atagawikana pawiri, Noron ndi Soron. Bukulo linakonzedwa m'manja mwa a Noron, kenako a Soron anawonjezera zawo zokonza pamene sanagwirizane napo. Onsewo ndi ochokera ku gulu la Inhyeon. A Namin, amene akanamulankhulira Jang, anali kunja. Umboni wa matsenga aja unachokera kwa adzakazi amene ankafunsidwa uku akuzunzidwa, ndipo munthu akamakupanikiza miyendo ndi mitengo ukhoza kuvomera kuti unalodza ndi mwezi womwe. Sindikumuyeretsa Jang. Anthu a nthawi imeneyo ankapitadi kwa asing'anga, ndipo kachisi m'nyumba yake anapezekadi. Ndikungoti nkhani yake tikuimva kwa adani ake.

Zokankha mbale zija ndiye musazitenge ngati uthenga wabwino. Mabuku a boma amanena kuti mu 1701 mfumu inalamula kuti Jang adziphe yekha. Zokankha mbale ndi kumwetsedwa mokakamiza zimachokera ku nkhani zina zolembedwa ndi anthu okonda mfumukazi Inhyeon, amene cholinga chawo chinali kuonetsa mmodzi ngati mngelo, wina ngati chilombo. Olemba masewero amazikonda chifukwa mkazi womwa mwakachetechete sangakuchititseni kuponya foni.

Mayi a Mapasa, tsitsi lija si lawo lonse, ndi mawigi olukidwa ndi tsitsi la anthu ena. Anali olemera komanso odula moti mabanja ankawonongerapo chuma, mpaka mu 1756 mfumu inawaletsa. Amene analetsayo ndi mwana wa Choe wanu yemweyo.

Kadzidzi analembanso:

Aphunzitsi, zikomo kwambiri, ndawerenga kawiri, kachitatu ndinawawerengera bambo mokweza. Anangoti "mhm" uku akugwedeza phazi, ndipo phazi limenelo ndikulidziwa. Mayi a Mapasa, mwandigulitsa masana dzuwa likuswa mtengo.

Ndivomere pang'ono pokha. Zaka zija, 1689 ndi 1694, zandikhalitsa chete. Ndikakumbukira bwino, gawo limene mfumu inayamba kumuyang'ana Jang mozizira ndi lomwe lija mlongo wake wa Jang anayamba kuyenda ngati dziko ndi lake. Ine ndinkati yatopa naye chifukwa cha mkamwa. Koma kumukonda sindimukonda, ndipo sindisintha. Mwina ndi wosewerayo amene waposa muyeso, chifukwa akamwetulira ine tsitsi limaima.

Chimene sindikumvetsa ndi ichi. Jang ndi mayi wa mwana amene adzalowe ufumu. Paja amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mfumu inapha bwanji khoswe osaopa kuswa mkhate? Mwanayo anadzakhala mfumu? Ndipo Choe anapata chiyani pa kunong'oneza kwake? Ndiuzeni basi, zowonongerana zatha, ndalowa kale m'madzi.

Mphunzitsi Wopuma anayankhanso:

Mayi, funso lanulo ndi lomwe nduna za Soron zinafunsa mu 1701. Zinapempha mfumu kuti imuleke mayiyo ndi moyo chifukwa cha mwana, amene anali ndi zaka 13. Mfumu inakana, ndipo ena mwa opemphawo anachotsedwa pa maudindo. Mlongo wake wa Jang, Jang Hui-jae, anaphedwanso chaka chomwecho. Ine ndimaona kuti mfumu inkayang'ana kutsogolo. Ikanamwalira Jang ali moyo, iye akanakhala mayi wa mfumu yatsopano, ndipo mayi wa mfumu m'nyumba imeneyo anali ndi mawu olemera. A Namin akanabwerera kudzera pakhomo lake, ndipo onse amene anamutsitsa akanalipira.

Nthawi yomweyo Sukjong anaika lamulo lakuti mkazi wamng'ono wa mfumu asadzakwezedwenso kukhala mfumukazi. Lamulo limeneli linkanena za Jang, koma amene linamutsekera chitseko ndi Choe. Mu 1702 mfumu inakwatira mtsikana wina wochokera kunja kwa nyumba yachifumu, Inwon. Choe anakhala pa udindo wa bin, wapamwamba pa akazi aang'ono, mpaka imfa yake mu 1718. Jang anatsala yekha m'mbiri yonse ya Joseon amene anachoka pa wantchito wa m'nyumba yachifumu n'kufika pa mfumukazi.

Mkhate unang'aluka ndithu. Mwana wa Jang analowa ufumu mu 1720, dzina lake Gyeongjong, koma anali wodwaladwala ndipo sanabereke. A Noron, podziwa zimene anachitira amayi ake, anamukakamiza kuti asankhe mng'ono wake, mwana wa Choe, kukhala wolowa m'malo. Atafuna kupitirira pamenepo kuti mng'onoyo azilamulira mkuluyo akadali moyo, zinawatembenukira, ndipo akuluakulu awo anayi anaphedwa mu 1722. Gyeongjong anamwalira mu 1724 atalamulira zaka zinayi zokha. Mphekesera zinafala kuti mng'ono wakeyo anamupha ndi chakudya, nkhanu ndi zipatso zotchedwa persimmon, ndipo oukira amene ananyamula zida mu 1728 ankanena zomwezo. Mwana wa Choe uja ndiye Yeongjo, amene analamulira zaka 52, kuposa mfumu ina iliyonse ya Joseon, ndipo moyo wake wonse mphekesera imeneyo ndi kunyozedwa kwa mbiri ya amayi ake zinkamutsata. Anayesetsa kusakaniza magulu m'boma kuti zotembenuzatembenuza za bambo ake zithe. Koma ndi Yeongjo yemweyo amene mu 1762 anatsekera mwana wake, Sado, m'bokosi losungiramo mpunga, n'kufa patatha masiku asanu ndi atatu.

Mayi a Mapasa ananena zoona kuti muziyang'ana manja a Choe. Mafumu anayi otsatira Yeongjo, kuyambira mdzukulu wake Jeongjo, anatuluka ku mbali yake, osati kwa Inhyeon kapena kwa Jang.

Kadzidzi analembanso:

Gawo 42 taonera. Anabweretsa mbale yachiwiri, yachitatu, mpaka kumugwira manja. Ine ndinapezeka ndikusuzumira m'makona a bwalo kufunafuna mnyamata wa zobiriwira kuti ndione ngati akulemba, koma pamenepo sanamuikepo. Mwana uja atagwira mwendo wa nduna n'kumapempha kuti apulumutse amayi ake, ndunayo n'kuyang'ana kumbali, bambo akunyumba anadzuka ati akukamwa madzi. Anatenga mphindi khumi, pobwera maso ali psuu, ati ndi kuwala kwa foni.

Aphunzitsi, za bokosi la mpunga zija musapitirize. Ndamuuza mng'ono wanga, akuti sewero la nkhani imeneyo ali nalo, ndipo ndi lalitali kuposa ili. Ndamuuza kuti adikire kaye ndigone masiku awiri. Bambo amuimbira kumbali kuti abwere nalo mawa.